Masheya a migodi ya lithium: kampani yaing'ono kapena yaikulu?

Kampani yaing'ono nthawi zambiri imakhala ikadafufuza miyala ya lithium, yomwe amapangira mabatire. Ili ndi chiphaso, maenje oyesera ndi malonjezo basi. Yaikulu, monga Rio Tinto, ikugulitsa kale miyala.

Mtengo: sheya ya yaing'ono njotchipa, koma ndalama zikaithera imatulutsa masheya ena, gawo lanu n'kuchepa. Apa mpomwe ambiri amaikayikira. Yaikulu njodula, koma imagawa phindu.

Kupirira: mtengo wa lithium utagwa mu 2023, Core Lithium, kampani yaing'ono ya ku Australia, inaimitsa kukumba mu 2024. Rio Tinto inatsamira chitsulo ndi mkuwa, mpaka inagula kampani ya lithium ya Arcadium Lithium mu 2025.

Yaing'ono njoyenera munthu amene ndalamazo zitalowa m'madzi angagone tulo. Wosungira ukalamba asankhe yaikulu.