Elden Ring ndi nkhani yogawa mapoyinti

Anthu akamakamba za Elden Ring amangoti ndi yovuta, mabosi ake (adani akuluakulu) alibe chisoni, koma ine chomwe chimandikokera ku gemu imeneyi ndi kamangidwe ka munthu wako. Kampani ya FromSoftware inaitulutsa mu February 2022 ndipo ndi RPG, gemu yomwe umakulitsa munthu wako pogawa mapoyinti, yoti poyinti iliyonse ukaiika pena pake umaimva ndithu m'manja ukamamenya.

Poyamba umasankha class, kutanthauza mtundu wa munthu woyamba naye, zilipo 10. Vagabond amayambira pa levulo 9 ndi lupanga ndi chishango, Samurai amabwera ndi lupanga la Uchigatana ndi uta, Astrologer ndi wamatsenga, ndiye pali Wretch amene amayamba pa levulo 1 ali mbulanda, chibonga m'manja, ma stat onse (manambala a mphamvu zake zosiyanasiyana) pa 10. Class sikumangirira ayi, imangokupatsa poyambira basi. Ma stat ndi 8: Vigor ndi moyo, Mind ndi FP, mphamvu yomwe imatha ukamachita matsenga, Endurance ndi mpweya komanso kulemera kwa zomwe ungavale, Strength ndi Dexterity ndi za zida, kenako Intelligence ndi Faith za matsenga, ndi Arcane yomwe ndiikamba kutsogoloku. Levulo iliyonse imakupatsa poyinti imodzi yoika pa stat, ndipo umaigula ndi ma rune, omwewonso ndi ndalama zogulira zinthu, ukafa amatsala pomwe wafera ndipo ukafanso usanakawatole ndiye apita, komanso mtengo wa levulo umangokwerakwera ndiye poyinti si yoseweretsa.

Tsono apa ndi pomwe anthu atsopano amapwetekera. Munthu amafuna kumenya kwambiri ndiye amathira zonse mu Strength, kenako akakumana ndi Margit, bosi wa kumayambiriro, wamenyedwa kawiri katatu wagwa, n'kumati gemuyi ndi yokondera. Anzanga, yambani ndi Vigor. Pa 10 uli ndi HP (mlingo wa moyo) 414, pa 40 uli ndi 1450, pa 60 wafika 1900, kupitirira pamenepo ndi kutaya mapoyinti chifukwa ngakhale ufike pa 99 umangopeza 2100. Kumayambiriro mphamvu ya chida imachokera kwa wosula, ukamakweza chida ndi miyala yotchedwa Smithing Stone, wamba chimafika +25 chapadera +10, ma stat amadzayamba kulipira bwino chidacho chikakwera kale. Zilembo za S, A, B mpaka E zomwe umaziona pansi pa chida pa menyu zikutanthauza kuti chidacho chimapindula bwanji ndi stat imeneyo, ndiye lupanga la E mu Strength ngakhale uthiremo mapoyinti 20 kusintha kwake ndi kochepa zedi.

Chomwe ndimakonda kwambiri ndi timasamu ting'onoting'ono tomwe umatulukira wekha. Ukagwira chida ndi manja awiri Strength yako imawerengedwa kuwonjezera theka, ndiye Greatsword, chilupanga chachikulu, yomwe imafuna 31 utha kuinyamula uli ndi 21 yokha bola manja onse agwire, mapoyinti 10 otsalawo wakaika ku moyo. Kulemeranso chimodzimodzi, ukadutsa 70% ya zomwe ungathe kunyamula munthu wako podzigubuduza amagwa ngati thumba la mchenga n'kuchedwa kudzuka, ndiye umapezeka wakhala pa menyu ukuvula chisoti, kusintha magolovesi, kuyang'ana kuti mawu osonyeza kulemera kwa zomwe wanyamula abwerere pa medium (pakatikati). Zimenezi kwa ine ndi gemu payokha.

Koma pali pomwe yandikhumudwitsa ndipo sindibisa. Gemuyi sifotokoza. Pa menyu pali kabatani ka thandizo koma kamangokupatsa chiganizo chimodzi, sikakuuza kuti stat yakuti ikafika pakuti phindu limatsika, ndipo Arcane ndiye ambiri amangoiona ngati yothandiza kutola zinthu osadziwa kuti pa zida ngati lupanga la Rivers of Blood imafulumizitsa kukhetsa magazi kwa mdani. Munthu wagula gemu asamakakamizike kukafufuza pa intaneti zinthu zofunika chonchi, akanangoziika pa sikirini pompo.

Chabwino n'chakuti ukalakwitsa sunathere pomwepo. Ukagonjetsa bosi wotchedwa Rennala kumalo otchedwa Raya Lucaria amakulola kugawanso mapoyinti onse ukampatsa kanthu kotchedwa Larval Tear, kungoti sungatsike kuposa pomwe class yako inayambira, ndipo ma Tear amenewa ndi owerengeka ndiye osamangosintha tsiku lililonse. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino pamenepa, chisankho chimakhalabe cholemera koma ukapeza Moonveil, lupanga lamatsenga, n'kuikonda, utha kusamutsira mapoyinti ku Intelligence kuti ufike 23 yomwe imafunika osayambiranso gemu.

Amene mumakonda kungothamanga ndi nkhani mopanda kuwerenga manambala mwina ikutopetsani. Koma ngati mukuyamba kumene, tengani Vagabond kapena Samurai, kwezani Vigor mpaka 40, Strength ndi Dexterity zingokwana chida chomwe mwachikonda, ma rune otsala kapatseni wosula.