Bouguereau kapena Waterhouse: Chopachika Pakhoma N'chiti?

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti munthu wofuna chithunzi chosindikizidwa cha nthano za Agiriki akale asankhe cha William Bouguereau wa ku France kapena cha John William Waterhouse wa ku England. Ndiyankha kamodzi, ndipo ndivomereretu kuti mmodzi mwa awiriwa ndili naye chakukhosi.

Ndinayamba ndi Bouguereau. Ndinaitanitsa pa intaneti chithunzi chake cha 1879 cha kubadwa kwa Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi amene Aroma ankamutcha Venus, ataima pachigoba pakati pa nyanja. Chenichenicho chili ku Musée d'Orsay mumzinda wa Paris, ndipo n'chotalika mamita atatu. Luso lonse la mkuluyu lagona pa khungu, pakuti ankasalaza utoto mpaka mizere ya burashi itazimiririka, monga mmene akuluakulu a Salon, chionetsero chachikulu cha zojambula cha ku Paris, ankafunira. Kusalala kumeneku ndi kumene makina osindikiza otsika mtengo sakutha. Nditafunyulula pepalalo ndinapeza thupi la Aphrodite lili psuu ngati sopo wosambira, mithunzi ya pamimba ndi m'mawondo itafufutika, ndipo tiana tamapiko touluka m'mwamba tija tinali titasanduka madontho. Chinandiwawa koposa n'chakuti wogulitsayo sananene kuti msonkho wolowetsera katundu ndidzalipira ndekha, kotero ndalama imene ndinasungira felemu inathera pomwepo.

Anthu a nthawi yake ena ankadandaula kale za kusalalaku. Chithunzichi chikutuluka n'kuti wojambula Claude Monet ndi anzake atayamba zionetsero zawozawo mu 1874, ndipo wojambula wina, Édouard Manet, anali atautsa kale mapiri pachigwa mu 1865 ndi chithunzi chake cha Olympia, mkazi wamba wa ku Paris woyang'ana woonera m'maso mopanda manyazi. Bouguereau atamwalira mu 1905 mbiri yake inazilala kwa zaka zambiri. Kale ndinkati anamulakwira, koma nditaona pepala langa lija ndinayamba kuwamvetsa omutsutsawo, ngakhale ndikudziwa kuti mlandu weniweni unali wa makina.

Waterhouse ndiye sananditayitse ndalama. Chithunzi chake cha 1896, chomwe chili ku Manchester Art Gallery, chikuonetsa Hylas, mnyamata wa ngwazi yotchedwa Heracles, atapita kukatunga madzi, atsikana asanu ndi awiri a m'dziwe akumunyengerera kuti alowe. Chenichenicho sichifika mamita awiri m'litali, choncho chikachepetsedwa nkhope sizitayika. Komanso mphamvu yake ili pa kusiyana kwa madzi obiriwira moderako ndi matupi oyera, ndipo zimenezi ngakhale makina wamba amazitulutsa bwino. Dzanja logwira mkono wa Hylas limaoneka ndithu munthu ataima pakhomo.

Pa nkhani ya mtengo wa pepala, awiriwa sanasiyane kwenikweni. Pa nkhani ya umaliseche, palibe chimene mungapachike pamene apongozi amakhala akabwera, ngakhale kuti cha Waterhouse madzi amabisako zina. Ndi ku Manchester komwe anachichotsapo pakhoma kwa masiku ochepa mu 2018 pofuna kuutsa mtsutso wa mmene akazi amajambulidwira, anthu n'kudandaula mpaka chinabwezeretsedwa.

Ine ndikuti gulani Waterhouse, ndipo musanalipire mufunse za msonkho. Bouguereau mukamuonere ku Paris mwayi ukapezeka, kumene mamita atatu aja amagwira ntchito yake. Wanga uja adakali chikulungire kuseri kwa kabati.