Malamba a labala a mapewa: katundu ndi wabwinoko, wogulitsa ndiye ayi

Bambo aja a ku Lilongwe amene akutsatsa malamba a labala olimbitsira mapewa m'magulupu a WhatsApp a anthu osewera gofu, ndalama amalandira mwachangu, koma pakavuta amasowa. Ndinalipira K45,000 kuphatikizapo ya basi, katundu anafika pa Kasungu ali bwinobwino.

Sabata yoyamba isanathe, lamba wofiira ndinamukoleka pachitseko monga akusonyezera pakapepala kawo. Kungokoka pang'ono, anaduka pamene pali chitsulo, n'kundikwapula patsaya pansi pa diso. Tsaya linatupa, diso likutuluka misozi usiku wonse. Akanakwera pang'ono bwenzi pano ndikuona ndi diso limodzi. Nditawatumizira chithunzi anayankha kuti, "Achimwene, munakoka mopyola muyeso." Munthu wa phewa lowawa, wolephera kuvala malaya osabuula, mphamvu zodula labala watsopano azitenga kuti? Ngakhale pepani sanamunene. Ndinaimba, foni ikungolira. Kenako anandibuloka.

Chinanso chondikwiyitsa ndi malonda awo oti ukakuza mapewa mpira wa gofu udzapita kutali. Limeneli ndi bodza. Mayi wa mafizo amene amandiona anandifotokozera bwino, ndipo thupi langa likuvomereza. Mnofu waukulu wa pamwamba pa phewa, umene anyamata onyamula zitsulo amaunyadira, sugwira ntchito yambiri pozunguza ndodo ya gofu. Mphamvu imachokera m'miyendo ndi m'chiuno, ndipo ndodo ikamatsikira pampira imakokedwa ndi minofu ya pachifuwa ndi yaikulu ya kumsana, yotsika kuchokera m'khwapa. Mkati mwa phewa muli timinofu tinayi, a mafizo amati rotator cuff, togwira mutu wa fupa la mkono kuti usamagwedere m'malo mwake. Kwa ife omenyera kumanja, phewa lamanzere ndilo limavutika kwambiri, chifukwa ndodo ikapita kumbuyo mkono umenewo umapingasa pachifuwa mpaka kumapeto. Langa lowawa ndi lomwelo.

Apa ndiye ndinene chilungamo: malamba otsalawo andithandiza. Wachikasu, wofewa kwambiri uja, ndi amene ndimagwiritsa ntchito. Chigongono chikhale m'nthiti, kathaulo m'khwapa, n'kumatembenuzira dzanja kunja pang'onopang'ono. Kwina ndimakokera kumbuyo mpaka mafupa a kuseri kwa mapewa ayandikane. Pano ndimamaliza mabowo 9 a gofu phewa osabaya, ndipo usiku ndikugonera mbali yamanzere. Mpira sukupita kutali kuposa kale, koma ukupita kumene ndaulozetsa.

Zogwirira za malambawa ndi zolimba, kathumba kake n'kachabechabe. Mukagula, muziyang'ana labala pafupi ndi chitsulo musanakoke, nkhope muikire kumbali. Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu malambawo. Bambowo sindidzawatumiziranso ndalama, ndipo anzanga awiri a ku Mchinji amene amafuna nambala yawo ndawauza kuti akafune kwina.