Ku Germany fizi kulibe, koma lendi ilipo

Funso limene ndimalandira kwambiri pa WhatsApp kuchokera kwa achinyamata a kumudzi ndi lakuti, "Achimwene, ndifunsire malo ku UK, ku Joni kapena komwe muliko?" Ndimazengereza kuyankha chifukwa funsolo limayambira pa dziko, pamene munthu akafika kuno chimene chimamusowetsa tulo ndi tauni imene akukhala ndi mtengo wa chipinda chake.

Nditamaliza digiri ya zaulimi ku Bunda n'kugwirako ntchito, ndinayang'ana njira zitatu. Ku Britain, popanda thandizo la Chevening kapena Commonwealth, fizi ya masitazi inali yosayambika kwa mwana wa mphunzitsi wa pulayimale. Chevening imafuna kuti ukhale utagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo ukamaliza ubwerere kwanu kwa zaka zinanso ziwiri. Kuyambira January 2024, wophunzira masitazi ya m'kalasi saloledwanso kutenga mkazi kapena ana. Ku South Africa n'kufupi, maliro akagwa kumudzi umakwera basi n'kukafika, ndipo mayunivesite ambiri amalipiritsa ophunzira a m'maiko a SADC pafupifupi ngati eni dziko. Koma fizi imeneyo ndi fizi ndithu, kuphatikiza medical aid ndi kuwunikitsa mapepala ku SAQA, bungwe la kumeneko loona za mapepala a maphunziro.

Ndinasankha Germany chifukwa mayunivesite aboma ambiri salipiritsa fizi, umangopereka kangachepe pa semesita. Ndati ambiri, osati onse. M'chigawo cha Baden-Württemberg, kumene kuli Stuttgart ndi Heidelberg, wophunzira wochokera kunja kwa European Union amalipira 1,500 euro pa semesita kuyambira 2017.

Tsono apa ndi pamene mawu akuti "sukulu yaulere" amasokeretsa anthu. Ngati ulibe sikolashipu ngati ya DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira ochokera kunja, kuti upeze viza umayenera kuika ndalama za chaka chonse mu akaunti yotsekedwa. Kuyambira September 2024 ndalamazo zinafika pa 11,904 euro, ndipo amakupatsako 992 euro pa mwezi. Inu muli kumudziko mukudziwa kuvuta kwa forex. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mnzanga wina amene makolo ake anali atagulitsa kale poloti kuti akwanitse ndalamazo anangoona zonse zathera m'manja, kalata ya sukulu ili m'chikwama.

Ndalama ya pamweziyo ndi yomweyo kaya uli ku Munich kaya m'katauni. Ku Munich chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anzako chikhoza kudya zoposa theka lake, ndipo kuti uchipeze umalimbirana ndi anthu ambirimbiri. Ine ndili ku Witzenhausen, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Werra pakati pa Kassel ndi Göttingen, kumene kuli sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya Kassel. Achibale samakadziwa, ena amafunsa ngati ndilidi ku Ulaya. Koma ndikalipira lendi ndi inshuwalansi ya chipatala zimatsalako zogulira chakudya, ndipo m'kalasi ndimapita wapansi. Aphunzitsi amandidziwa dzina, ndipo kafukufuku wawo wambiri ndi wa ulimi wa kumadera otentha, kotero ndikatchula nandolo kapena kusakaniza chimanga ndi mtedza sitiyambira patali.

Katauni kali ndi mtengo wakenso. Lamulo limalola wophunzira kugwira ntchito masiku athunthu 140 pa chaka, kapena atheka 280, koma ganyu amapezeka m'mizinda, ndipo wopanda Chijeremani amathera kunyamula makatoni usiku m'malo osungira katundu, n'kumakasinza m'kalasi m'mawa. Maphunziro akhale a m'Chingerezi, mwini nyumba ndi makalata a ku ofesi ya alendo amalankhula Chijeremani. Mu December dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, Lamlungu pafupifupi mashopu onse amatseka, ndipo ufa ndimakautenga pa sitima ku shopu ya Afirika ku Kassel. Ukatha pakati pa sabata, nsima yake imakhala ya ufa wa chimanga wa kuno wotchedwa polenta, yachikasu, yokanika kugwirana m'manja.

Inu amene mwachedwako pa ntchito, werengani zaka zanu. Inshuwalansi yotsika mtengo ya ophunzira imathera pa zaka 30, ndipo ambiri a ife timabwera titayandikira pamenepo. Amene mwangolemba MSCE, satifiketi imeneyo payokha sikulowetsani mu yunivesite ya kuno mwachindunji, n'chifukwa chake ambiri timabwera pa masitazi.

Ma agent amene amakulonjezani malo mukawapatsa mamiliyoni, achenjereni. Mafomu ndinadzaza ndekha pa intaneti, ndipo mndandanda wa maphunziro a m'Chingerezi uli poyera pa tsamba la DAAD. Pali masukulu ena oyima paokha amene amalandira aliyense bola walipira, ndiye musanatumize tambala, funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Lilongwe, ngati pepala lawo lidzavomerezeka mukadzabwerera. Kenako pezani wophunzira amene akukhala m'tauni imene mukuifunayo, mumufunse amalipira zingati pa chipinda, ndi miyezi ingati imene anadikira kuti achipeze.