Yamaha P-45: makiyi olemera amaulula chala chaulesi

Kwa munthu wofuna kuphunzitsa zala zake kuimba piyano, osati kungogwira makodi a kwaya, piyano yamagetsi ya Yamaha P-45 ndi yogula. Ine ndinachokera pa kiyibodi ya makiyi 61, ija yongoikhudza n'kulira, ndipo kusiyana kwake ndinakumva m'zala tsiku lomwelo.

Ili ndi makiyi 88 olemera, amene a Yamaha amawatcha GHS (Graded Hammer Standard). Kumunsi kwa mabesi ndi olemererapo, ukamakwera kumtunda amanka napepuka, ngati piyano yeniyeni. Pa makiyi otere chala chilichonse chimadzilipirira chokha. Chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimalira bwinobwino, koma ukafika pa chachinayi mawu amatsika, kakang'ono n'kumangotsatira m'mbuyo. Pa kiyibodi yopepuka ulesi umenewu sumveka n'komwe.

Chala chachinayicho musachida. Mitsempha yake inalumikizana ndi ya zala zoyandikana nacho kumsana kwa dzanja, n'chifukwa chake sichidzuka chokha patali ngakhale mutachikakamiza chotani. Ambiri akaona makiyi olemera amayamba kukweza zala m'mwamba n'kumamenya, mfundo ya dzanja itauma gwa, mapeto ake mkono kuwawa. Chimene chandithandiza n'kusiya mfundoyo igone molingana ndi mkono, yomasuka, mkono uzipotokola pang'ono monga umachitira potsegula chitseko ndi kiyi, kuti kulemera kwake kupite pa chala chimene chikulira. Piyanoyi imamva mphamvu ya kakhudzidwe, ndiye ukachita bwino khutu limavomereza pompo. Ikaninso metronome yake, ija imagogoda kukusungirani liwiro la nyimbo, pa liwiro lotsika, muziimba manotsi asanu kukwera ndi kutsika, dzanja limodzilimodzi. N'zotopetsa, inde, koma apa m'pamene zala zimayamba kumvera. Mkono ukayamba kuwawa, lekani kaye.

Kamvedwe ka makiyi kamasinthika: Hard, Medium, Soft ndi Fixed. Pophunzira musaike pa Fixed, chifukwa manotsi onse amalira mofanana ndipo chala chofooka chimabisalanso. Palinso Duo, imene imagawa makiyi pakati kuti mphunzitsi ndi mwana akhale limodzi n'kumaimba manotsi ofanana, mwanayo akuonera dzanja la aphunzitsi pafupi.

Akwaya dziwiranitu: mulibe zing'oma ndi masitayilo oimba okha amene tinazolowera kutchalitchi. Mitundu ya mawu a zida zoimbira ndi 10 yokha. Masipika ake akukwana m'chipinda, koma m'tchalitchi mudzafuna amplifaya. Siyendera mabatire, ndiye magetsi akathima ndi basi, pokhapokha muli ndi inveta kapena sola. Imalemera pafupifupi makilogalamu 11.5, munthu mmodzi anyamula, ngakhale kutalika kwake pa kabaza n'kovuta.

Pogula musaiwale mpando ndi sitandi. Mukaikhazika patebulo lodyera imakwera kwambiri, mfundo ya dzanja imapindika, ndipo zonse ndanenazi sizitheka. Chigongono chikhale molingana ndi makiyi, kapena pamwamba pang'ono.