Mekaniki wa mjigo wathu, ndi manyazi amene ndinachita

Anzanga a m'midzi yoyandikana nafe kuno ku Dowa akhala akundifunsa ngati mekaniki amene amatikonzera mjigo ndi woti n'kumuitana. Muitaneni ndithu. Koma ine amene ndikumuyamikirane ndinkamunena kuti ndi wakuba.

Kale mjigo ukafa, tinkasenza ndowa kupita kudambo tikunena atcheyamani a komiti njira yonse. Tinkati ndalama zathu za pamwezi amagawana ndi mekanikiyo. Pakamwa panga ndi pamene pankatsogola. Tsiku lina pamsonkhano amfumu anangoti, "Mayi, poti masamu mumawadziwa chonchi, ndalamazo muzisunga ndinu." Anthu anaomba m'manja, ine n'kukhala msungichuma ndisanavomere n'komwe.

Bamboyu amabwera pa njinga, masipanala ali m'thumba lomanga kumbuyo. Mjigo wathu ndi wa Afridev, womwe uli pafupifupi mudzi uliwonse, ndipo amaudziwa ngati khomo la nyumba yake. Akangopopa kangapo n'kumvetsera, amanena komwe kuli vuto asanamasule chilichonse. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sakonza mobisa. Amaitana awiri a m'komiti kuti agwire nawo marodi, n'kuwaonetsa kalabala kotchedwa U-seal kamene kakatha madzi amabwera pang'onopang'ono, bobini imene imatseka madzi kuti asabwerere pansi, ndi mabeyaringi apulasitiki amene akalala chogwirira chimayamba kugwedera. Zakuthazo amandisiyira ine kuti ndikaonetse anthu pamsonkhano. Zatsopano satigulitsa yekha, amatilembera papepala kuti tikagule tokha pa sitolo ku Mponela, tibwere ndi lisiti.

Zofooka ali nazo. Foni yake imakhala yozima kuposa yoyaka. Mijigo imene amayang'anira ndi yambiri, ndiye nyengo ya dzinja akakhala kumunda mudikira. Ulendo wina tinamwa madzi akudambo masiku asanu ndi limodzi. Lisiti la ndalama ya ntchito yake salemba pokhapokha mutamukakamiza, ndipo ine ndimamukakamiza.

Za mtengo, si iye amene amapweteka, ndi zipangizo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zinakwera, koma chopereka chathu chinakhalabe K500 pa banja pamwezi. Ndipo K500 yomweyo, kaitoleni muone! Wina akuti abambo kulibe, wina akuti mubwere tikagulitsa soya. Azakhali anga enieni, amene tinkalongolola nawo limodzi, ndinapeza kuti ali ndi ngongole ya miyezi isanu ndi iwiri. Nditawakumbutsa anati, "Mwana iwe, udindo wa dzulodzuloli wayamba kale kukulemera?"

Kope limene anandisiyira atcheyamani ndi limene linandimaliza. Kumayambiriro kwa 2023, kolera ikupha anthu dziko lonse, paipi ina inang'ambika pansi ndipo m'thumba la komiti munalibe kanthu. Pa tsamba la mwezi umenewo analemba ndi pensulo kuti "ndaikamo zanga," ndipo palibe pamene panalembedwa kuti anabwezeredwa. Mekanikiyo ndi amene anandiuza kuti mkuluyo anagulitsa mbuzi, ndipo iye mwini ndalama ya ntchito imeneyo anailandira patatha miyezi iwiri. Nthawi yonseyo ife tinali kudambo, tikuwatchula akuba.

Ndinapita kwa atcheyamaniwo ndi nkhuku. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaseka n'kunena kuti, "Nkhukuyo kagulitseni mayi, mugule mabeyaringi. Mwezi wamawa akhala akunena inu." Sananame. Pano akuti chitenje changa chatsopanochi chinachokera pa mjigo.

Mukafuna kumuitana mekanikiyu, muimbireni m'mamawa asanapite kumunda, ndipo mugwirizane zoti aziyendera mjigo miyezi itatu iliyonse m'malo modikira kuti ufe. Ngati ndi ntchito yozula mapaipi, konzeranitu amuna amphamvu osachepera anayi ndi chingwe cholimba, chifukwa iye amabwera yekha.