Kwa amene mukufuna kuti mwana aphunzire unamwino adzabwere kuno

Mauthenga a pa WhatsApp ochokera kumudzi amafika ndi funso limodzimodzi: "Achemwali, mwana wakhoza Fomu 4, akufuna unamwino kuti adzakupezeni kumeneko. Ayambire pati?" Ndati ndiyankhe kamodzi, nonse mumve. Ine ndine namwino pa chipatala china cha boma kumpoto kwa England, ndipo unamwino wanga wonse ndinauphunzirira ku Malawi.

Mwanayo ayambire komweko. Kuno unamwino ndi digiri ya zaka zitatu, maola 4,600, theka lake m'kalasi, theka ku wodi. Kale boma linkalipirira ophunzira, koma mu 2017 ku England linasiya, moti ana a kuno amatenga ngongole ya fizi yoposa mapaundi 9,000 pa chaka. Kuyambira 2020 amapatsidwako mapaundi 5,000 pa chaka osabweza, koma thandizo limeneli silifika kwa mwana wa ku Dedza wobwera pa viza ya sukulu. Mlendo amalipira fizi yokwera kuposa apa, kuchokera m'thumba la makolo, osawerengera lendi ndi chakudya. Ndi mabanja angati kwathu angakwanitse zimenezo?

Kwathu makomo alipo angapo. Amene wakhoza bwino Chingerezi, Masamu, Bayoloje ndi maphunziro ena a sayansi pa MSCE akhoza kusankhidwa kukachita digiri ya zaka zinayi ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), sukulu imene inapangidwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Ku Mzuni nakonso kuli digiri ya unamwino. Kenako pali Malawi College of Health Sciences, ndi makoleji a mishoni a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo: Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, Nguludi, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Nsanje, Malamulo. Kumeneko ambiri amatuluka pakatha zaka zitatu ali Nurse Midwife Technician, amene timangoti NMT. Ine ndinayambira kumeneko, ndinagwira ntchito, kenako ndinabwerera kusukulu kukakweza maphunziro kuti ndikhale Registered Nurse. Chiphaso chachiwiricho ndi chimene chinanditsegulira njira yoti ndibwere kuno. Choncho amene akulowa koleji ya mishoni asadzione wotsalira, koma adziwiretu kuti sukulu idzamuitananso.

Nkhani ya ndalama ndiyo imagwetsa ana ambiri anzeru. A m'mayunivesite angapemphe ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, ndipo apemphe msanga, mafomu akangotuluka, kalata zonse zofunika zili m'manja. Ngongoleyo ndi yobweza, ndipo ife amene tinachoka m'dziko tisamaiwale kuti ndalama zimene timabweza ndi zomwe zimaphunzitsa wina. Panali nthawi, kuyambira 2004, pamene boma mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund linakulitsa makoleji, kulipirira ophunzira ochuluka, ndi kuwonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo kuti asamathawe. Ambiri a msinkhu wanga ndife ana a ndondomeko imeneyo. Lero musawerengere kuti zikhala choncho. Funsani ku koleji yeniyeniyo kuti chaka chino akulipira ndani. Ndipo fizi si yokhayo. Pali yunifolomu, nsapato, wotchi, makina oyezera BP, thiransipoti yopita ku pulakitiko ku chipatala chakutali, ndi chakudya cha komweko. Mayi anga ankatenga ku banki m'khonde teremu iliyonse n'kumabweza ndi mtedza akakolola. Katapila yekha musayandikire.

Ukamaliza sukulu umalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo popanda iwo sungagwire wodwala. Ukakhoza, pamabwera nyengo yowawa kwambiri, yodikira kulembedwa ntchito. Zipatala zili ndi anamwino ochepa, koma anamwino ophunzira ali pakhomo chifukwa ndalama zowalembera palibe. Bungwe lathu loimira anamwino ndi azamba, la NONM, lalankhulapo za ichi kwa zaka zambiri. Ambiri timayambira pa lokamu, ganyu yolipidwa pa shifiti, kapena pa mgwirizano wa miyezi yowerengeka ndi mabungwe. Ndikupemphani, makolo, musamuone mwana ngati walephera pa nthawi imeneyi, ndiponso musamulole kukhala pansi. Apite ku wodi ngakhale malipiro ake ndi ochepa.

Ndikunena izi chifukwa wodi ya kwathu ndi imene inandipanga namwino. Usiku umakhala wekha, odwala adzaza mabedi, ena ali pansi, dokotala ali kunyumba, magetsi athima. Umaphunzira kuona ndi maso kuti mwana uyu akutha madzi m'thupi, kuti mayi uyu akutaya magazi ambiri, makina asanakuuze. Umaika kanyula, kachubu ka dilipi, pa mtsempha wosaoneka, wina akukuunikira ndi foni. Anzanga a kuno amadabwa ndikamakhala phee pamene wodwala wasinthika mwadzidzidzi. Mtima umenewo sindinaupeze ku England.

Zobwera kuno zili ndi masitepe ake, ndipo aliyense amadya ndalama. Bungwe loona anamwino kuno ndi Nursing and Midwifery Council (NMC). Limafuna mayeso a Chingerezi: IELTS, 7 pa kuwerenga, kumva ndi kulankhula, 6.5 pa kulemba; kapena OET, B pa zitatuzo ndi C+ pa kulemba. Anamwino odziwa ntchito amagwa pa kulemba, choncho konzekerani mofatsa musanalipire. Kenako pali mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, kalata ya khonsolo yathu yotsimikiza kuti mbiri yako ndi yabwino, kalata ya apolisi, ndi kuyezetsa TB kwa viza. Omaliza ndi OSCE, mayeso a pulakitiko ochitira konkuno, m'malo oyesera amene NMC inavomereza. Umadutsa m'zipinda khumi, uku akukuyang'ana mmene ukusambira m'manja, mmene ukufunsira dzina la wodwala ndi tsiku lake lobadwa, mmene ukuperekera mankhwala. Zinthu zimene manja ako amachita okha uyenera kuzinena mokweza. Mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 800, ndipo zipatala zambiri za boma, za NHS, zimalipirira anamwino amene zawalemba.

Apa mvetserani bwino. Malawi ali pa mndandanda wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo; mu 2023 mayikowo anafika 55, Zambia ndi Zimbabwe atalowamonso. Britain amautcha red list, ndipo zipatala ndi ma ejenti a kuno saloledwa kupita kukakopa anamwino m'mayiko amenewa. Chololedwa n'chakuti iwe mwini ufunsire ntchito mwachindunji ku chipatala. Ndiye munthu akabwera n'kunena kuti "ndipatseni mamiliyoni angapo ndikupezereni malo," ameneyo ndi dobadoba. Kuno kulipiritsa munthu pomupezera ntchito n'kuphwanya lamulo. Ndakumana ndi alongo athu amene anagulitsa malo a makolo, anafika, n'kupeza kuti ntchito palibe, kapena maola ake ndi ochepa moti lendi yokha sikwana. Njira ya ma care worker, osamalira okalamba ndi olumala, imene ambiri ankadutsira inatsekedwanso: mu March 2024 analetsa kubwera ndi banja, ndipo mu July 2025 anasiya kulemba atsopano ochokera kunja.

Miyezi yoyamba inanditsitsa pansi. Usanakhoze OSCE ndi kulandira nambala yako ya NMC umagwira ngati wothandizira, malipiro otsika. Ukailandira umayambira pa giredi ya malipiro ya Band 5, pansi penipeni kwa anamwino, ngakhale kwanu unali mkulu wa wodi. Kuno kulibe gadiyani. Kusambitsa agogo, kuwadyetsa, kuwatembenuza, kuwasintha akadziipitsira, zonse ndi za ife ndi othandizira athu. Ndinamva chisoni kuona nkhalamba zikutha masabata opanda wobwera kudzaziona, ndipo ndinayamba kulemekeza amayi aja ogona pakhonde la chipatala kwathu, mapoto ali pambali. Chilichonse chimene wachita uyenera kuchilemba. Chingerezi cha odwala a kumpoto kuno sichija cha m'kalasi, moti pa foni ndinkachita kupempha kuti abwereze. Shifiti ndi ya maola oposa 12, ndipo m'nyengo yozizira umalowa kuli mdima, kutulukanso kuli mdima. Malipiro ukawasintha kukhala makwacha amaoneka ochuluka, koma msonkho, penshoni, lendi, msonkho wa khonsolo ya dera (council tax) ndi gasi wotenthetsera nyumba zimayamba zadyapo musanaone inu kumudzi.

Musanasaine mgwirizano, werengani ndime yonena za ndalama zimene mudzabweze mukachoka msanga, chifukwa ena amamangidwa nayo zaka. Mapepala a sukulu, makamaka osonyeza maola a m'kalasi ndi a ku wodi, tengani mukadali pafupi ndi koleji. Kuwatsatira uli kuno n'kovuta. Ndipo chiphaso chanu cha ku khonsolo ya kwathu musachisiye kuti chife. Changa ndimalipirabe, chifukwa ndikufuna kudzaphunzitsa ku koleji ya mishoni ndikadzabwerera.